Zakumayadi zimakhomedwa ku Area 2

"Iyi ndinakhoma ndine. Musandiuze zambiri mwanangu, msoko uwu ndi wanga."

Adatero mkulu wina wokhoma zidebe, chala chake chokhakhala chitagunda pagalasi la foni ya mtsikana wovala bwino amene adaima pafupi ndi makina a telala. Tidali pakhonde la sitolo ina ya amwenye mumsewu wa Malangalanga ku Area 2, mvula itatitsekereza. Mkuluyo adali atatula mbaula zitatu ndi ndowa ziwiri zomangidwa pamodzi ndi mphira, ine ndikudikira buluku langa lomwe telala ankalisintha zipi. Enanso adathawira pomwepo: mnyamata wa penti m'zikhadabo, bambo wina wa chikwama chodzaza ziboliboli amene ankapita kutsidya ku positi ofesi, ndi madala ena a jekete lakale la suti, nyuzipepala ili m'khwapa, omwe aliyense pakhondepo ankawatchula kuti aphunzitsi.

Mtsikanayo adafika akufunsa kumene angapeze amisiri a malata. Adati wangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg komwe adakhalako zaka zingapo, ndipo akukonza m'nyumba yomwe wapeza ku Area 47. Loweruka lina adalowa m'kasitolo kena kakumayadi, tija timabisala pakati pa maluwa ndi kapinga, n'kuona nyale yolendewera kudenga. Chidali chidebe cha lata chozondotsa, chobooledwa timabowo tambirimbiri m'mizere yokhotakhota, moti babu likayaka m'kati khoma lonse limadzaza timadontho ta kuwala. Adaikonda kwambiri, koma atatembenuza kapepala ka mtengo adangoijambula n'kutuluka. Mnzake ndiye adamutsina khutu kuti apite ku Area 2, sakasowa womupangira yofanana nayo.

"Mukunena zoona bambo? Mwina zangofanana. Pakapepala pajatu panalembedwa dzina la sitoloyo."

"Takulitsani chithunzicho. Eya, pomwepo. Mukuona mmene lata lapindidwira m'mphepetemu? Anzanga amapinda kamodzi n'kumenya. Ine ndimayamba ndalowetsa waya, kenako n'kupinda kawiri kuti lisacheke munthu. Ndiye taonani bowo ili, latuluka pamzere. Msomali unaterereka, nyundo n'kutera apa."

Adationetsa chikhadabo chakuda bii. Tonse tidasuzumira, choyamba pachala, kenako pafoni. Bowolo lidalidi pambali.

Adafotokoza kuti mayi wina adabwera pagalimoto ndi pepala lojambulapo, n'kuoda nyale 12. Iye adazikhoma sabata yathunthu kuseri kwa msika, pachidutswa cha njanji chomwe amisiri onse a malata amakhomerapo, zida zake zili sizasi ya malata, nyundo ndi msomali wa mainchesi anayi. Atafunsa kuti kusitoloko imodzi akuichita bwanji, mtsikanayo adazengereza, kenako adamunong'oneza. Mkuluyo adakhala pa ndowa yake n'kuyamba kuseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Imeneyo ndi ndalama ya nyale zonse 12 zija, n'kutsalanso ya minibasi."

"Akudyerani masuku pamutu achimwene," adatero telala osadzutsa mutu, phazi likupalasabe makina.

"Ayi, pamenepo ndisaname. Mtengo ndinatchula ndekha, ndipo mayi uja sananenerere ngakhale pang'ono. Inuyo mukabwera kudzagula mbaula mumanenerera mpaka ndimve chizungulire. Tsiku limenelo ndinagula nyama."

Aphunzitsi adakonza pakhosi. Adati tisamathamangire kuweruza, chifukwa wasitoloyo amalipira lendi yakumayadi, magetsi, jenereta, mlonda ndi mtsikana womwetulira makasitomala, ndipo nyale imatha kulendewera miyezi itatu osagulidwa. Komanso nzeru yozondotsa chidebe n'kuchisandutsa nyale idali ya mayiyo, pakuti wokhoma zidebeyu wakhala nazo zidebe zaka zonsezi osaganizako zozipachika kudenga.

"Zozondotsazo ndi zawo, sindikana. Koma papepala lawo anajambulapo maluwa. Ndinawauza kuti maluwa pa lata sangatuluke ndi msomali, mabowo akayandikana kwambiri lata limang'ambika. Mizere yokhotayi ndinaionera pa lichero la mayi akunyumba. Atabwera kudzatenga anaomba m'manja, amvekere bola iyi."

Pamenepo pakhonde padati zii pang'ono. Funso lidali pamlomo pa aliyense koma palibe adaliyankha: mwini nyaleyo ndani, wojambula papepala, wokhoma, kapena mayi wa lichero uja?

Ineyo ndimaona kuti vuto lina ndi mamangidwe a mzinda wathuwu. Bungwe la Capital City Development Corporation litakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, ndi thandizo la ngongole yochokera ku South Africa, lidayala mzinda wotalikirana. Boma lidakwera ku Capital Hill, mabanki ndi maofesi ku City Centre, mabwana ku Area 10, 12 ndi 43, pakati pake nkhalango ndi misewu italiitali. Likulu litasamuka ku Zomba mu 1975, Old Town idatsala ndi fumbi, msika, depoti ndi manja onse odziwa ntchito. Mpaka lero wogula ndi wopanga sakumana. Wakumayadi amaopa matope ndi opisa m'matumba a ku Area 2, pomwe wa ku Area 2 sadziwa n'komwe kuti kuseri kwa mipanda ija kuli masitolo, chifukwa minibasi sifikako ndipo mlonda wapageti amayamba wayang'ana nsapato zako. Amene ali ndi galimoto ndi chizungu choyenda nacho uku ndi uko ndiye amadya zapakati.

Telala adadula ulusi ndi mano, n'kukoka jumbo lomwe lidali pansi pa makina. Adatulutsa kachikwama ka chitenje konyamulira laputopu, kosokedwa bwino, m'kati muli siponji, zipi yake yoyenda myaa.

"Izi ndimasokera mayi wina wa ku Area 10. Nsalu amagula momwemu, kwa amwenye kapena kwa amayi aja amaoda ku Tanzania ndi ku Zambia. Amandibweretsera ndi timalebulo ta dzina lake m'kabotolo. Dzina lakelo ndimasokereraponso ndine, ndipo likapendama amandibwezera."

Tidaseka tonse, ngakhale mwenye amene adaima pakhomo adamwetulira. Mtsikana uja adati komabe alipo Amalawi amene dzina losokedwa pakolala ndi lawolawo, monga Lilly Alfonso, wa muno mu Lilongwe, amene zovala zake zaonetsedwapo ndi kunja komwe. Telala adavomera kuti amamumva pawailesi, koma adati kuti munthu ufike pamenepo uyenera kukhala ndi chitseko chako, osati khonde lobwereka lomwe mwini sitolo akatseka 5 koloko nawenso uyambe kulongedza.

"Nanga mipando ija ya nsungwi yolukaluka?" adapitiriza mtsikanayo. "Ku Johannesburg ndi ku Cape Town ili m'masitolo apamwamba, m'mahotela, m'magazini a zokongoletsa nyumba. Amaitchula kuti Malawi chair. Ine ndinachita manyazi, chifukwa kwathu mpando wotere tinkausiya pakhonde kuti azikhalapo alendo osayembekezeka, pabalaza tikuikapo masofa a ku China. Ndinakaudziwira kwa eni kuti ndi chinthu chapamwamba."

"Bola pamenepo dzina la dziko lilipo," adatero aphunzitsi. "La woluka ndiye mphepo."

Bambo wa ziboliboli, amene nthawi yonseyi ankangopukuta kanjovu ndi kansanza, adalowererapo. Adati pa nkhani ya maina palibe angamuuze kanthu, poti iye amasema maina tsiku ndi tsiku. Mzungu akafika pa positi ofesi paja amalemba dzina lake papepala, akamabwerako kubanki apeza lasemedwa kale pa kathabwa kokolekapo makiyi. Wasema maina achijeremani, achijapani, ena osatchulika n'komwe.

"Koma langa sindinalisemepo pa chinthu chilichonse. Ndiliike pati? Njovu iyi ndi yofanana ndi ya mnzanga wa pambali panga, yofanananso ndi ya ku Senga Bay ndi ya ku Nkhata Bay. Mipando ya mafumu ija, mabawo, mitu ya anthu, zonse ndi chimodzimodzi. Ukasema chachilendo chimagona pa mphasa chaka chathunthu."

Mnyamata wa penti adatenga kanjovuko n'kukayeza m'dzanja. Adakanda pansi pa phazi ndi chikhadabo, padatuluka poyera.

"Madala, uyu si phingo uyu."

"Bweretsa kuno iwe! Wakuuza ndani kuti ndi phingo? Uyu ndi wa kasitomala wothamanga." Adakalanda n'kutulutsa china m'chikwama, kamutu ka nkhalamba kakang'ono koma kolemera modabwitsa, mbali imodzi kali ndi mzere woyererako. "Phingo ndi uyu. Ukamuponya m'madzi amamira. Safuna polishi wansapato, umangomukhula ndi sandipepa n'kumupukuta, amawala yekha. Koma umupeza kuti masiku ano? Mitengo inatha, ogwetsa amachita kukautenga kutali, ndipo panjira pali a zankhalango. Mkungudza wa ku Mulanje tinkapangira timabokosi tonunkhira tija ndiye musanene, m'phirimo munatsala zitsa. Ndiye ndisemere chiyani? Ndimatenga mtengo ulionse, polishi wakuda amalize."

Aphunzitsi adati za polishizo ayi, koma za kusema chachilendo sagwirizana nazo. Adatchula ku Mua, ku Dedza, komwe wansembe wa ku Canada, Claude Boucher, amene anthu adamupatsa mfunda woti Chisale, adayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko adatchuka chifukwa chosema nkhani za m'mudzi ndi za m'Baibulo ndi nkhope zachimalawi, osati njovu zokhazokha. Kenako adapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa K2,000 yopindapinda, n'kuitambasula.

"Uyu mukumudziwa nonse. Koma mukudziwa kuti anaimapo pakati pa mzinda wa London zaka ziwiri, chipewa chili kumutu?"

Adafotokoza mwauphunzitsi, chala m'mwamba. Pabwalo la Trafalgar Square pali nsanja yomwe amaikapo ntchito za akatswiri a zaluso mosinthanasinthana, ndipo mu Seputembala 2022 adaikapo chiboliboli chotchedwa Antelope, cha Samson Kambalu, mwana wa kuno, wophunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College, amene pano amaphunzitsa ku Oxford. Kambalu adatengera chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa potsegulira tchalitchi cha John Chilembwe ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pomwe Chilembwe adaima ndi mmishonale wachizungu John Chorley. Masiku amenewo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, koma pachithunzipo Chilembwe adachivala. Ndiye pansanja paja Kambalu adamukuza Chilembwe kukhala chimphona, mzunguyo n'kumusiya pa msinkhu wake wa munthu wamba.

"Ine ndinakaona ndi maso m'nyuzipepala," adatero aphunzitsi, ndipo palibe adawatsutsa pa kaonedwe kameneko. "Kambalu yemweyu ndi uja adamata masamba a Baibulo pa mpira ali ku Zomba mu 2000, n'kuuza anthu kuti aziumenya."

"Ameneyo akanayesera kuno akanathawira ku polisi," adatero telala. "Baibulo n'kumalimenya theche?"

"N'chifukwa chake muli pakhonde," adayankha mnyamata wa penti, ndipo telala adamuloza ndi sizasi.

Mnyamatayo nkhani yake idali ina. Adayamba ndi kulemba zikwangwani: mitu ya anthu ometa bwino pamakoma a mababashopu, nkhuku ndi tchipisi pa malesitilanti, mawu aja amalembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Kenako kudabwera makina osindikiza mabanala apulasitiki, ndipo wa saluni aliyense adayamba kufuna chithunzi cha mayi wa ku America chotapa pa intaneti. Geni idafa. Pano amajambula pansalu zogulitsa alendo: dzuwa likulowa panyanja, bwato, mlambe, amayi atatu osenza mitsuko. Adati amayi atatu amenewo wawajambula kambirimbiri moti angathe kuwajambula magetsi atazima. Penti weniweni wa m'timachubu adamusiya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pano amagula penti wa nyumba wa madzi n'kumasakaniza yekha mitundu m'zitsekerero za mabotolo, nsalu yake ndi kaliko wa m'sitolo momwemu.

"Koma changachanga ndi ichi, asisi."

Adatsegula foni yake yosweka galasi n'kupatsa mtsikana uja, ife n'kuunjikana kumbuyo kwake. Chidali chithunzi cha mzere wa mafuta usiku. Magalimoto adatsatizana mpaka kuzimiririka m'mwamba mwa nsalu, onse otuwa, koma zigubu zokha zachikasu zikuwala. Kutsogolo dalaivala wagona chagada pa boneti, pakamwa pali yasa, nsapato wavula waziika padenga. Mayi wogulitsa mandasi wakhala pa chigubu cha munthu wina, akuwerenga ndalama, ndipo pa anthu onse a m'chithunzimo ndi yekhayo amene akumwetulira.

Mtsikanayo adachiyang'ana nthawi yaitali. Adati ichi ndiye chimene nyumba zoonetsera zaluso ku Johannesburg zimafuna, osati mitsuko ija.

"Nanga ndani angapachike chimenecho pabalaza?" adafunsa telala. "Munthu wagona pa filing'i siteshoni masiku awiri, afike kunyumba apezenso mzere pakhoma?"

"Ndi zomwe amandiuza onse. Amaseka, amachijambula pafoni, kenako amagula mlambe."

Ine pamenepo ndidali mbali ya mnyamatayo, ngakhale sindidayankhule. Mlambe uja ndi wa mlendo wofuna kukumbukira tchuthi chake. Mzere wa mafutawo ndi wathu, ndipo zaka 50 zikubwerazi mdzukulu wofuna kudziwa mmene tinkakhalira mu Lilongwe adzaphunzira zambiri pa mayi wa mandasi uja kuposa pa dzuwa lolowa ku Salima. Koma ndalama yogulira chithunzicho ndidalibe, ndiye ndinene chiyani.

Mtsikana uja adatembenukira kwa telala n'kuloza mulu wa zidutswa za nsalu womwe udali pansi pa makina. Adamufunsa ngati adamvapo za Billie Zangewa. Telala adapukusa mutu. Adati ndi mayi wobadwira ku Blantyre mu 1973, amakhala ku Johannesburg, ndipo sajambula ndi penti ayi. Amadula zidutswa za silika n'kuzisoka pamanja mpaka patuluke chithunzi: iye mwini ali kukhitchini, mwana wake ali patebulo, zinthu za tsiku ndi tsiku za m'nyumba. Nsalu zakezo zimapachikidwa ku New York, ku London ndi ku Paris. Adafufuza pafoni n'kumuonetsa chimodzi. Telala adavala magalasi, adachikulitsa mpaka ulusi kuonekera, n'kuyang'anitsitsa ngati mmene dokotala amaonera chithunzi cha m'chifuwa.

"Dzanja lake ndi labwino," adavomereza pomaliza. "Koma m'mphepetemu sanapinde. Ine kasitomala angandibwezere."

Zidutswa zake adati amagulitsa kwa amayi oluka zopondera pakhomo, jumbo lonse mtengo wa botolo la Fanta. Ndidamuona akuzikankhira m'kati ndi phazi kuti zisanyowe.

Wokhoma zidebe adafunsa funso lomwe lidandikhudza. Adati zonsezi akuzionera pafoni ya mwana wa eni, nanga munthu wofuna kukaona ndi maso muno mumzinda angapite kuti? Mtsikanayo adatchula La Galleria, yomwe adayambitsa Elson Kambalu, mkulu wake wa Samson uja, amenenso ndi katswiri wojambula. Adatchula Art in the Park, chionetsero chomwe chimachitikira pa kapinga wa ku Four Seasons, komwe ojambula amayala ntchito zawo pansi pa mitengo, ndi msika wa pamwezi wa ku Woodlands. Mnyamata wa penti adati ku Four Seasons adafikako, ndipo kumeneko ndi kumene adaona koyamba Mmalawi mnzake akugula chithunzi ndi ndalama zake, osanenerera. Koma kuti akafike adakwera minibasi mpaka ku City Centre, kwinako kabaza, zithunzi atazikulunga m'thumba la ufa.

Aphunzitsi ndiye adapsa mtima. Adati likulu lonseli, la Nyumba ya Malamulo yatsopano, la BICC, la bwalo la mpira la Bingu, la misewu yodutsana pamwamba, lilibe nyumba ya boma imodzi yomwe mwana wasukulu angalowe n'kukaona zojambula za Kay Chiromo kapena zosema za Willie Nampeya. Ana amaloweza za mapanga a ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006, koma wojambula wamoyo sangatchule ndi mmodzi yemwe. Chiboliboli chomwe mwana wa ku Kawale amachidziwa ndi cha Kamuzu ku Area 18, basi.

"Ndiye mukadabwa kuti anthu akugula maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha mathithi a ku China?"

Mwenye uja adakhosomola, pakuti zonse ziwirizo zidali pawindo la sitolo yake.

Mvula idayamba kudukiza. Wa ziboliboli adakoleka chikwama n'kuuyamba wa kumlatho, mnyamata wa penti akupatsana nambala ndi mtsikana uja, amene adalonjeza kuti atumiza chithunzi cha mafuta chija kwa mnzake wina kunja. Mnyamatayo adangoti chabwino, mawu a munthu amene walonjezedwapo kambiri. Kenako mtsikanayo adabwerera kwa wokhoma zidebe. Adati akufuna nyale zitatu, koma zisafanane ndi za kusitolo kuja, mkuluyo apange mizere yomwe iye mwini akufuna.

"Iliyonse?"

"Iliyonse bambo. Ngakhale ya pa lichero lina."

"Ndiye mupereke ya lata lero lomwe, mawa likhala litakwera. Muli ndi Airtel Money kapena Mpamba?"

Atatumiza, foni ya mkuluyo idalira m'thumba la ovolosi. Adaitulutsa, adawerenga uthengawo kawiri, n'kuyamba kumanga mbaula zake. Mtsikanayo adawonjezera kuti pali chinthu chimodzi: pa nyale iliyonse akhomepo dzina lake, poonekera, kuti alendo akafunsa iye aziwauza.

"Dzina langa? Panja?" Mkuluyo adasiya mphira uja. "Kuti a msonkho andipeze bwino?"

"Ikani m'kati ndiye, pafupi ndi babu."

Adawerenga pa zala, milomo ikuyenda. "Zilembo zake ndi zambiri, ndipo chilembo chilichonse ndi mabowo osachepera khumi. Imeneyo ndi ntchito ina mwanangu. Muwonjezerapo."